Kulibe Chipinda cha Munthu Wabwinobwino

Basi inafera pakatauni kachilendo mdima utangogwa, kondakitala n'kulengeza kuti ina ibwera m'mawa. Wamasikelo, bambo woyendayenda m'misika kukonza masikelo onama, anakoleka chikwama cha zitsulo paphewa n'kulunjika kunyumba yogona alendo, yokhayo imene inkayaka magetsi mumsewu wonsewo.

Anakankha chitseko. Fungo linamulandira ndi mbama. Maluwa, mandimu, bulugamu, zonse pamodzi. Anaima. Mtima unathamangira kunyumba.

Kunyumbako kunali mkazi wake, mayi wa mphuno yosaphonya. Bambo akafika kuchokera ku ulendo, moni ankabwera pambuyo. Choyamba mphuno pakolala. Ulendo wapitawo anafika akununkhira pefyumu wa mayi wina amene anamugonera paphewa m'basi. Mlandu unatha ndi mawu ochepa: fungo la maluwa likadzalowanso m'nyumba muno, ine ndi ana tituluka. Sutikesi inatsitsidwa tsiku lomwelo. Mpaka pano inali isanabwerere pamwamba pa wadirobu.

Pakauntala panali mdala wa magalasi, juzi atamanga mabatani mpaka pakhosi. Kumbuyo kwake makiyi pamisomali, kiyi aliyense ndi kansalu kake.

"Odi, madala. Malo alipo?"

"Alipo, bambo. Mukudwala chiyani?"

"Mwati bwanji?"

"Mukudwala chiyani?"

"Sindikudwala. Ndikufuna chipinda."

"Eya, n'chifukwa chake ndikufunsa." Mdala analoza makiyi. "Ichi n'cha chimfine. Ichi cha mutu. Ichi cha osowa tulo, koma muli munthu. Icho cha nyamakazi. Pamsomali wopanda kanthupo n'cha oiwalaiwala, kiyi wake anapita naye mlendo. Chakumapetocho n'cha odzimbidwa, chinayandikana ndi chimbudzi."

"Kodi ndalowa m'chipatala?"

"Ayi, bambo. Kuchipatala amabaya. Kuno timanunkhiritsa."

"Mumatani?"

"Mayi akunyumba, eni ake malo ano, anaphunzira za mafuta onunkhira. Chipinda chilichonse chili ndi kambale kake ka madzi, kandulo kunsi, madontho a mafuta pamwamba. Inu mukugona, nthunzi ikugwira ntchito. Ubwino wake simumva n'kuwawa komwe."

Wamasikelo anatseka mphuno ndi chikhatho, n'kuyankhulira m'zala.

"Ndipatseni cha munthu wabwinobwino."

Mdala anatembenuka. Anayang'ana misomali umodziumodzi, milomo ikugwedera. Anabwerezanso kuchokera kumapeto.

"Chimenecho tilibe."

"Nanga anthu abwinobwino amagona kuti?"

"Sanabwerepo."

"Lero wabwera."

"Mayi amati aliyense ali ndi kake, kungoti ena amabisa."

"Aitaneni mayiwo."

"Anapita kukagula timabotolo tina. Anandisiyira lamulo: mafuta azilondola matenda. Wamutu asagone kwa anyamakazi. Wanyamakazi asagone kwa odzimbidwa."

"Akagona chimachitika n'chiyani?"

"Kaya, bambo. Mayi ndimawadziwa. Sindinayeserepo."

"Chabwino. Ndipatseni chilichonse, koma mukazimitse kandulo, mutsegule mawindo."

"Ndikazimitsa mugona pachabe."

"Ndikufuna kugona pachabe! Chibadwire ndimagona pachabe, ndipo ndimadzuka!"

"Komanso sizithandiza. Mapilo timadontheza. Matiresi timadontheza. Makatani ndiye anakhuta kalekale."

"Nanga khoma?"

"Khoma mayi anasakaniza mu penti."

Wamasikelo anaponya chikwama pansi, zitsulo n'kulira. Anawongola msana, dzanja lili m'chiuno.

"Msana!" Nkhope ya mdala inawala. Dzanja linali litafika kale pamsomali. "Jinja ndi tsabola. Chipinda chabwino, chili ndi galasi loonera."

"Msana wanga ulibe kanthu. Chikwamachi n'cholemera."

"Amsana onse amanamizira chikwama."

"Madala, ine ndangotopa basi."

"Kutopa! Malalanje. Koma denga lake limadontha pang'ono."

"Sindinatope!"

"Mwanena nokha."

"Ndabweza!"

Mdala anabwezera kiyi pamsomali ndi manja awiri.

"Kubweza n'kololedwa."

Wamasikelo anatsamira kauntala. Anayang'ana timabotolo tondandalikidwa m'kabati ya galasi, monga amayang'anira wogulitsa nyama amene chala chake chimakonda kupuma pasikelo.

"Tamverani, madala. Ine ntchito yanga ndi masikelo. Tsiku ndi tsiku ndimatsegula sikelo n'kupeza maginito atamatidwa kunsi, mwini wake akulumbira kuti sakudziwa. Bodza ndimalizindikira ngakhale litavala tayi. Timabotolo tanuti mutaika pasikelo, kuchiritsa kwake kungalemere bwanji?"

Mdala anaganiza mozama.

"Ndi chitsekerero kapena popanda?"

"Mayo ine!"

"Chifukwa zitsekerero zina n'zolemera."

"Ndikufunsa kuti alipo amene anachirapo muno?"

"Onse."

"Mukudziwa bwanji?"

"Palibe anabweranso."

"Eetu!"

"Wanyamakazi wina analowa akutsimphina, ndodo m'manja. Kusanache anatuluka akuthamanga. Ndodo yake ndi iyo ili kuseri kwa chitsekoyo."

"Ankathawa, madala!"

"Eya. Koma ndi miyendo yake."

Fungo linali litapeza njira pakati pa zala. Linakwera m'mphuno, n'kutulukira m'maso. Wamasikelo anapukuta ndi mkono.

"Misozi," anatero mdala mosangalala, ngati wapeza ndalama mumsewu. "Chisoni."

"Si chisoni! Ndi fungo lanuli!"

"Mayi amati mafuta akamupeza munthu, chobisala chimatuluka."

"Ndiye mutandithira tsabola m'maso ine n'kulira, mungati mwanditulutsa chisoni?"

"Ayi, bambo. Tsabola ndi wa msana."

Wamasikelo anamenya kauntala. Timabotolo tinagundana.

"Mkwiyo," anatero mdala, n'kuchotsa kiyi wina. "Umenewo ndiye waonekera poyera, simungaubweze. Lavenda. Tanunkhizani kansaluka, mumve mmene mtima ukukhalira pansi."

Anatuluka kuseri kwa kauntala, kansalu patsogolo. Wamasikelo anadumphira m'mbuyo, manja ataphimba kolala.

"Musandikhudze nako pamalaya!"

"Malaya akupweteka?"

"Ndili ndi mkazi kunyumba!"

Mdala anaima. Anayang'ana misomali, n'kuusa moyo.

"Chipinda chimenecho ndinawapempha mayi kuti titsegule. Anakana."

Kenako china chake chinamufika m'mutu. Anavula magalasi. Anayamba kupinda zala.

"Dikirani kaye. Mwakana msana. Mwabweza kutopa. Mwakana chisoni. Tsopano mwatchula mkazi. Aa, bambo inu! Bwanji osanena poyamba? Mayi anati mwamuna akakana zonse, kenako n'kutchula mkazi, usamuvutitsenso ndi mafunso. Umupatse kiyi wa m'dirowa."

"Wa chiyani?"

"Wa abambo ofooka."

Mdala ankayesa kuti akunong'ona. M'chipinda cha osowa tulo wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Ofooka pati?"

"Musachite manyazi. Amabwera ambiri. Ena ndi magalimoto awo."

"Ine ndili ndi ana!"

"Onse amayamba n'kuwerenga ana."

"Simukumva. Ndikamafika kunyumba, mkazi wanga amandidikirira pakhomo penipeni."

"Amadikira, inde."

"Ulendo wathawu zinavuta."

"Zimavuta, bambo. Msinkhu."

"Anati zikachitikanso atenga ana azipita!"

"Ndiye mwafika nthawi yabwino." Mdala anatsegula dirowa. Anatulutsa kiyi, anatulutsanso kabotolo kofiira. "Rozi ndi jasimini. Mayi amati aka n'kamphamvu kuposa tonse. Dontho limodzi pakolala, muchape muchape silichoka. Akazi anu akangonunkhiza adziwa kuti kwachitika zinthu."

"Ndi zimene ndikuopazo!"

"Mantha amatha mukayamba."

Foni inalira m'thumba. Wamasikelo anayang'ana. Anali mkazi wake. Anaika chala pakamwa, kumuopseza mdala ndi maso, n'kusintha mawu kukhala a munthu wa kutchalitchi.

"Halo, mayi a ana. Eya. Basi yafa panjira. Ndifika mawa. Ayi, ndili ndekha."

"Simuli nokha, bambo," anatero mdala. "Ndili pano."

Wamasikelo anakupiza dzanja ngati akuthamangitsa mavu.

"Ndi mdala wina wa malo ogona. Mwamuna, inde. Wokalamba. Wa magalasi."

"Muwapatse moni," anakuwa mdala, akutsegula kabotolo. "Muwauze mawa aona kusintha!"

"Akunena za nyengo, mayi a ana. Halo? Halo?"

Foni inali itadulidwa. Mawu omaliza anali atamveka bwinobwino: tionana pakhomo.

"Amva?" anafunsa mdala. "Tsopano weramani pang'ono."

"Tsekani chimenecho!"

"Dontho limodzi lokha."

"Ndati tsekani!"

Wamasikelo anagwira mkono wa mdala. Mdala anakoka. Wamasikelo anakokanso. Kabotolo kanapendekeka. Kanasanza pakolala, pachifuwa, mpaka m'thumba la malaya.

Nyumba yonse inasanduka munda wa maluwa.

"Mwachita chiyani?" Mawu anatuluka owonda.

"Ine ndimafuna dontho limodzi. Enawo mwawonjezera nokha."

"Mwandiphera banja!"

"Ayi, lidzuka."

"Tsegulani makutu, madala! Ine sindine wofooka! Mkazi wanga amanunkhiza! Akamva maluwa pamalaya amati ndinali ndi mkazi wina! Mwamva tsopano?"

Mdala anavala magalasi pang'onopang'ono.

"Ooo. Nsanje."

"Mwafika!"

"Ndiye wodwala si inu. Ndi mayiwo. Mubwere nawo, chipinda tipeza."

"Ndibwere nawo kuno? Kuti aone pamene ndinagona?"

"Nanga mkazi winayo munali naye?"

"Ndinali ndi inu!"

"Mukawauze choncho."

"Ndikawauze kuti mdala wa juzi anandithira rozi pakhosi?"

"Ndi zoona zake."

"Zoona zimenezo inu mungazikhulupirire?"

Mdala anaganiza.

"Ine inde. Ndinalipo."

Wamasikelo anavula malaya, n'kuwagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Sopo!"

"Wa lavenda, wa mandimu kapena wa rozi?"

"Wopanda fungo!"

"Sitisunga. Angasambe ndani?"

"Soda wophikira muli naye? Mchere? Madzi otentha? Burashi yokolopera?"

"Zili kukhitchini." Mdala anakanda m'mutu. "Pa soda mayi sanaikepo lamulo."

"Alemekezeke Mulungu. Ndipo ndigona panja."

"Panja si chipinda, bambo."

"Ndiye lamulo la mayi silifikako."

Mdala anayang'ana chitseko. Anayang'ana makiyi. Anayang'ananso chitseko.

"Silifika. Linathera pakhomopo. Bulangete ndikupatseni?"

"Losadontheza lilipo?"

"Palibe."

"Khalani nalo."

Kuseri kwa nyumba kunali mpopi, waya woyanikira zovala ndi benchi la mwendo umodzi waufupi. Wamasikelo anachapa malaya. Anatsukuluza. Ananunkhiza. Anachapanso. Kenako anadzitembenukira yekha: khosi, chifuwa, m'khwapa, m'mutu, burashi ikulira ngati akukwecha simenti. Khungu linapsa. Iye osaleka. Atamaliza anayanika malaya, n'kugona pabenchi chifuwa chili pamtunda, chikwama cha zitsulo kumutu. Mphepo inabwera. Udzudzu unabweranso ndi abale ake.

Windo linatseguka.

"Bambo, za udzudzuzo tili ndi mafuta a mandimu."

"Chokani!"

Windo linatsekeka.

Kutangocha, basi ina inayamba kuliza hutala pasiteji. Wamasikelo analowa kukauntala, malaya achinyezi pathupi, mphuno yofiira, mawu ngati akuyankhulira m'chitini.

"Madala, tabwerani. Ndinunkhizeni."

"Ine?"

"Mphuno yanga yatseka, sindikumva kanthu. Apa, pakolala. Monga amachitira mkazi."

"Akazi anu amayambira kumanzere kapena kumanja?"

"Nunkhizani!"

Mdala anaika manja kumbuyo. Ananunkhiza kolala. Ananunkhiza thumba. Anamuzungulira, n'kukweza mkono wa mlendo, n'kununkhizanso kumeneko. Anaima chilili.

"Palibe."

"Rozi?"

"Palibe."

"Jasimini wanu uja?"

"Ngakhale pang'ono."

Wamasikelo anaseka, kuseka kwa munthu amene wapeza maginito kunsi kwa sikelo.

"Mwaona? Muchape muchape silichoka! Soda wa kukhitchini wagonjetsa sukulu yonse ya akazi anu. Akabwera muwauze kuti timabotolo tawoti aziikamo mchere, mwina tingagwire ntchito."

"Ndiwauza, bambo. Mchere wa miyala kapena wosalala?"

"Tsalani bwino, madala."

Anakoleka chikwama. Mdala ankamuyang'anabe mosirira.

"Koma mwayera, bambo. Fumbi la m'basi palibe. Nsomba za kumsika palibe. Girizi palibe. Thukuta ndiye n'komwe. Ngati khanda. Inenso ndinafikapo kunyumba nditayera chonchi, pochokera ku ulendo. Ndinasamba panjira kuti ndiwasangalatse mayi."

Wamasikelo anaima pakhomo.

"Ndiye?"

"Ananunkhiza. Anafunsa funso limodzi lokha."

"Loti?"

"Wakusambitsani ndani?"

Lamba wa chikwama anatsetsereka paphewa.

"Zinatha bwanji?"

"Ndi mmene ndinayambira kugona pakauntala pano."

Hutala inaliranso. Wamasikelo anadziona ataima pakhomo la kwawo. Mwamuna woyenda m'misika, wogona m'mabasi, n'kufika wosanunkha ngakhale thukuta lake lomwe. Anabwerera kukauntala chothamanga.

"Nanga amene amachoka muno akununkha mankhwala, kwawo amawalandira bwanji?"

"Abulugamu? Amenewo ndiye amwayi. Mwamuna wonunkha bulugamu safunsidwa mafunso. Amamufunditsa bulangete, n'kuuza ana asiye phokoso."

"Ndipatseni bulugamu! Thirani! Pakolala, m'mutu, paliponse!"

"Bulugamu ndi wa achimfine, bambo."

"Ndili ndi chimfine!" Anayetsemula, makiyi n'kugwedera pamisomali. "Simukuwamva mawu angawa? Onani mphunoyi! Mutu ukupweteka! Msana ukuwawa! Tulo sindinagone! Ndikudwala, madala, ndikudwala!"

Mdala anatseka kabati ya timabotolo, n'kuika kiyi m'thumba la juzi. Anamugwira mlendo paphewa mwachifundo.

"Ayi, bambo, musadzinamizire poti mwapanikizika. Inu ndinu munthu wabwinobwino. Thamangani, basi ikusiyani."